Mayi Thovu ndi Benchi Lakumbuyo

Parishi yathu yataya Mayi Thovu, amene anachapa nsalu za paguwa kwa zaka pafupifupi makumi anayi. M'chikwama chawo chopita nacho ku Misa achibale anapezamo zinthu zitatu: korona, chowengera zikhadabo ndi kabotolo ka mafuta odzola opanda fungo. Za koronayo palibe angafunse. Koma ziwiri zinazo zili ndi yankho limodzi ndi funso limene ambiri tinakula nalo, loti mayi wolemekezeka chonchi anasiyiranji benchi lakutsogolo n'kukakhala lakumbuyo kwenikweni, pafupi ndi chitseko. Iwo eni anapempha kuti yankholo lilembedwe muno mmene liliri, "osachapa, osasita."

Anabadwira m'banja la wogulitsa makala, m'nyumba ya chipinda chimodzi momwe matumba a makala ankagona pamodzi ndi ana. Tsiku lolandira Ukaristia koyamba, ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, mphunzitsi wa katekisimu anayendera mzere wa ana, n'kuima pa iwo. Anatembenuza kolala ya diresi lawo loyera ndi zala ziwiri.

"Iwe, pita kumbuyo. Ukufuna Yesu akuone chonchi?"

Ana anzawo anaseka. Analandira omalizira, misozi ikutsika. Mulungu sanamukwiyire, ngakhale mphunzitsi uja sanamusungire chakukhosi. Chimene anadana nacho kuyambira tsikulo ndi litsiro.

Ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi anayamba ntchito yochapa pahotela ina. Anakwatiwa ndi mmisiri wa matabwa, munthu wofatsa amene anamwalira mwana wawo mmodzi yekhayo asanamalize pulayimale. Mwanayo anamulera ndi beseni. Mikono yawo inkakhala m'thovu mpaka m'zigongono kuyambira m'mawa, ndipo dzina lawo lenileni linamira momwemo. Loweruka lililonse ankatenga nsalu za paguwa ndi mikanjo ya ansembe, popanda wowatuma. Ankadziwa kuchotsa phula la kandulo ndi pepala ndi simbi yofunda, komanso banga la vinyo ndi mchere. Kukadwala munthu wopanda abale, zofunda zimene ena ankaziopa ankazichapa ndi iwo, kenako n'kukhala pansi kupemphera naye korona. Ankakonda kunena kuti, "Kunja kwa kolala n'kwa anthu, m'kati n'kwa Mulungu."

Mwana wawo atakula anakhala dalaivala wa malole opita kutali, ndipo anakwatira mtsikana wosoka zovala, wa mawu ochepa. Onse ankakhala nyumba imodzi. Kunabadwa mwana wamkazi amene anam'patsa dzina lachibwana loti Kambalame, chifukwa cha mmene ankayasamulira akaona supuni.

Kambalame atakwanitsa miyezi isanu ndi umodzi, masaya ake anayamba kufiira ndi kuuma. Zinatsikira m'khosi, m'mapindo a zigongono ndi kuseri kwa mawondo. Ankadzikanda ndi manja onse awiri, akamugwira manja ankadzikhula pamapewa a womunyamula. M'mawa nsalu yake yogonera inkapezeka ndi timadontho ta magazi.

Lamulungu lina, Mayi Thovu ali pabenchi lakutsogolo mwanayo ali pamiyendo pawo, mkazi wa mkulu wa kwaya anakoka kamwana kake kamene kanagwira phazi la Kambalame, n'kukapukuta dzanja ndi mpango. Ananong'oneza mnzake, koma kunong'ona kwa woimba kumafika patali.

"Mphere izo. Ndiye pakhomo pa Mayi Thovu!"

Mayi Thovu anayang'ana kuguwa, pansalu yoyera imene anasita okha, ndipo anamva zala ziwiri zija zikugwiranso kolala yawo.

Lachitatu, pamsonkhano wa amayi, wina anaponya nthabwala. "Mayi Thovu, kodi sopo yense akuthera kutchalitchi?"

"Pakhomo panga sopo satha," anayankha. "Koma atsikana a masiku ano ndi madzi sagwirizana. Mpongozi wanga kusambitsa mwana amangomudontheza timadzi ngati akumubatiza."

Amayi anaseka mpaka kugwirana mapewa. Mayi Thovu anapepukidwa mumtima, chifukwa manyazi aja anali atawapezera mwini wina.

Kuyambira tsikulo mwana ankamusambitsa ndi iwo, katatu patsiku, m'madzi otentha, ndi sopo wamphamvu wonunkhira mankhwala, n'kumamukwecha ndi chinkhupule. Timalaya take ankativiika m'mankhwala oyeretsa, n'kutithira sitachi ngati mikanjo ya ansembe. Anamulukira juzi yaubweya ya manja aatali kuti anthu asaone. Zonsezi ankachita akupemphera, ndipo ankamukonda mwanayo kuposa moyo wawo.

"Amayi," mpongozi wawo anayesa tsiku lina ataima pakhomo la bafa, "akatuluka m'madzimo ndi pamene amayabwa kwambiri."

"Ndiye kuti sopoyo akugwira. Bwererani kumakina kwanu, amake mwana. Kusoka n'kwanu, madzi ndi anga."

Patapita miyezi iwiri, Kambalame akangoona beseni ankalira mpaka mawu kutha. Khungu linang'ambika, linayamba kutuluka madzi n'kuuma nkhanambo zachikasu. M'mawa wina thupi linatentha, ndipo anakana kuyamwa. Bambo ake anali paulendo. Amayi awiriwo anathamangira naye kuchipatala, Mayi Thovu atalongedza m'chikwama thaulo, chinkhupule ndi sopo uja, poti kuchipatala nakonso mwana amasamba.

Nesi wamkulu wa muwodi ya ana, mayi wa mawu omveka mpaka pakhonde, anamuvula juzi ija n'kugwedeza mutu.

"Ichi ndi chikanga, si mphere. Sichipatsirana, ndipo sichibwera ndi uve. Khungu la ana oterewa limauma msanga, limafuna mafuta. Koma kuti lifike apa, wina wakhala akulikwecha ngati poto. Akumusambitsa ndani mwanayu?"

Amayi a pamabedi ena anatembenuka. Mayi Thovu ankamva fungo la sopo likutuluka m'chikwama chimene anachikumbatira pachifuwa.

"Ndine," anatero mpongozi wawo.

"Inu? Sopo wotsukira mabala a akuluakulu pakhungu la khanda? Mukadamupha ndi ukhondo wanuwo! Bwanji osafunsa agogo akewa? Akuoneka anthu odziwa zinthu."

Agogo odziwa zinthuwo anayang'ana pansi. Zaka zambiri pambuyo pake anaulula kuti ngakhale pa nthawi imeneyo maso awo anaona kuti pansi pa bedi sanakolope bwino. Koma mawu sanatulutse.

Kambalame anakhala m'chipatala masiku asanu ndi atatu, akulandira mankhwala a zilonda zimene zinalowa tizilombo. Mayi Thovu anaphunzira malangizo a nesi ngati katekisimu. Madzi akhale ofunda pang'ono chabe, mwana asakhalitsemo, sopo ayi. Pomupukuta osakhula, kungogunditsa thaulo, ndipo mafuta apakidwe khungu lisanaume, kenako kangapo patsiku. Mankhwala a m'chubu ochokera kuchipatala apakidwe pofiira pokha, mmene adokotala ananenera. Zikhadabo ziwengedwe zisanakule. Zovala zikhale za thonje, zotsukuluzidwa mpaka thovu lonse litatha, sitachi osayandikira. Kwa munthu amene dzina lake linali Thovu, lamulo lomalizali linali lowawa.

Ali m'basi pobwerera anayesa kuyamba. "Amake mwana, zija za kwa nesi zija..."

"Zatha, amayi. Tagwirani mwanayu ndimange thumba."

Kunyumba ntchito anaigawana. Mpongozi anasoka timagolovesi ta thonje ndi timalaya tofewa, misoko ili kunja kuti isakhule. Agogo anagwira za mafuta ndi zikhadabo. Patapita milungu ingapo masaya anasalala, ndipo tsiku lina Kambalame anamenya madzi m'beseni n'kuseka. Chikanga sichinatheretu. Chinkabwerera kukazizira kwambiri, kapena mwanayo akatuluka thukuta, koma tsopano ankadziwa pochigwira.

Mayi Thovu anakalapa. Wansembe wa nthawi imeneyo, nkhalamba yosazungulira polankhula, anawamasula, koma anawonjezera kuti, "Mayi, kwa Mulungu mwalapa muno mobisika. Nanga mawu aja si munawanena pagulu?"

Iwo anamva, koma anasankha chilango chopepukirapo. Anasamukira kubenchi lakumbuyo. Owafunsa ankawauza kuti pachitseko pamadutsa kamphepo, mwana satuluka thukuta. Zinali zoona, ndipo choonadi chaching'onocho chinaphimba chachikulu chija kwa zaka zisanu ndi chimodzi.

M'zaka zimenezo parishi inaluka nkhani yakeyake: agogo aukhondo anapulumutsa mdzukulu m'manja mwa mayi waulesi. Anthu ankawayamikira pakhomo la tchalitchi, iwo n'kumangoti, "Ndi Mulungu." Mpongozi wawo palibe anamupempha kuti akaimire mwana paubatizo. Kukakhala zophikaphika paparishi, ankamupatsa tsache. Sanadandaule, ndipo kusadandaula kwakeko n'kumene kunkawadya Mayi Thovu. Lachitatu lililonse ankachoka kunyumba atakonza mawu, n'kubwera nawo osawagwiritsa ntchito.

Lachitatu lina kunabwera mayi wachitsikana, mlendo mumpingo, atafunditsa khanda lake kumutu ngakhale kunkatentha. Nsalu itasuntha, masaya ofiira ong'ambika anaonekera. Mkazi wa mkulu wa kwaya, amene tsopano anali wapampando, analankhula mokoma mtima.

"Usalire, mwanawe. Pita kwa Mayi Thovu awo akuphunzitse kusambitsa mwana. Madzi otentha ndi sopo wamphamvu basi. Mdzukulu wawo analinso chonchi chifukwa cha mayi ake, koma taona lero."

Mtsikanayo anagwedeza mutu mothokoza. Mayi Thovu anamuona m'maganizo akufika kunyumba n'kutereka madzi pamoto. Anaimirira atagwira mpando wakutsogolo kwawo.

"Mwana wanga, sopo usamuyandikize. Amayi nonse, ndimvereni. Amene anawononga khungu la Kambalame ndine. Ndinamukwecha miyezi iwiri mpaka kukagona naye m'chipatala, chifukwa ndinkaopa kuti munene kuti ndine wauve. Mpongozi wanga anandichenjeza, ndinamuthamangitsa. Nesi atafunsa, anavomera mlandu wanga, ine ndili chilili ndi sopo m'chikwama. Zija ndinanena muno zoti sadziwa madzi, ndinanama. Ndipo munandiyamikira zaka zonsezi, ine n'kumalandira."

Wapampando anakonza mpango wake. "Aaa, Mayi Thovu, zakale izo."

"Zakale kwa inu ndi ine. Mpongozi wangayu, mwana wa eniake, amazivala Lamulungu lililonse."

Mpongozi wawo anali pakona, ulusi uli m'manja. Anangonyamuka, n'kukakhala pafupi ndi mlendo uja, n'kuchotsa nsalu kumutu kwa khandalo kuti lipume.

Mayi Thovu sanabwererenso kutsogolo. Benchi lakumbuyo linasanduka malo a amayi a ana odzikanda, amene kale ankaima panja kapena kungokhala kunyumba. Misa ikatha ankawenga zikhadabo za tiana, kuonetsa kapakidwe ka mafuta, ndipo akaona nkhanambo zachikasu kapena thupi lotentha ankatumiza mayiyo kuchipatala tsiku lomwelo. Wina akawatcha adokotala ankakana. "Ine ndine wochapa amene anachapa chosachapa. Dokotala ali uko." Mayi aliyense watsopano ankamuuza kaye nkhani ya sopo ija, yonse, ngakhale kuti nthawi iliyonse maso awo ankagwa pansi akafika pa funso la nesi.

Atakalamba, sopo wa zaka zonse zija anawabwezera. Manja awo anauma n'kung'ambika, moti nsalu za paguwa anazisiyira ena. Mwana wawo anali atasiya maulendo aatali, koma wowadzoza mafuta m'mawa ndi madzulo anali mpongozi wawo. Mlungu wawo womaliza, masana ena atalandira sakramenti la odwala, anayang'ana mutu wa mpongoziyo, umene unali utayamba imvi, utaweramira pa dzanja lawo.

"Amake Kambalame, munandikhululukira liti?"

"Lachitatu lija, amayi."

"Osati m'basi muja? Si munati zatha?"

"M'basi muja ndinanama."

"Ndiye kawiri konse, kwa nesi ndi kwa ine. Mukalape."

"Ndikalapa. Koma chilango tigawana."

Anaseka onse awiri mpaka Mayi Thovu anatsokomola. Atapuma anatambasula zala. "Pakati apa mwasiyapo." Mpongozi anapakapo. Mayi Thovu anamwalira mawa lake dzuwa likutuluka, mwakachetechete, korona ili m'dzanja lonyezimira mafuta.

Pa Misa ya maliro awo, Kambalame, amene tsopano ndi mtsikana wamkulu, anawerenga mawu a Mulungu atavala malaya a manja aafupi, zipsera za m'zigongono zili poyera. Pabenchi lakumbuyo pamakhala mayi ake masiku ano, ndi kabotolo kaja ndi chowengera chija. Amene mwana wake akudzikanda asakhale kunyumba chifukwa cha maso a anthu. Malo alipo, ndipo pamenepo palibe amasuntha kuthawa mnzake.

Ambuye awalandire Mayi Thovu mumtendere wawo. Sipafunika wina wowatembenuzira kolala pakhomo. Anaitembenuza okha, tonse tikuona.