Imfa Imene Nesi Anaipempha Yekha

Dzina lake lenileni linatsala pakamwa pa mayi ake okha. Kwina konseko ndi Nesi. Mu minibasi ndi Nesi, kumsika ndi Nesi, ngakhale mlongo wake wa bere limodzi akafuna kumupsetsa mtima amati, "A Nesi, tandiyezaniko malungo." Chikhalirecho mtsikanayu sanapondepo pakhomo pa sukulu ya unamwino, ndipo akaona magazi enieni amachita chizungulire.

Unesi wake ndi wa pa TV, m'sewero la zochitika m'chipatala limene amaonetsa Lachinayi lililonse. Analowamo mwangozi. Nthawi imeneyo ankagwira ntchito m'kashopu kochita fotokope, zala zili bii ndi inki, maso ali pakhomo ngati pali amene amuitane. Mnzake wina anamupempha kuti amuperekeze kokayesedwa zisudzo. Atafika anapeza kuti mtsikana amene ankasewera ngati nesi wathawa ndi chibwenzi, koma yunifolomu waisiya. Atsikana onse anaiyesa. Ena inawathina m'chiuno, ena inawakhwepa m'mapewa. Iye inamukwana ngati anachita kumusokera. Mnzake uja mpaka lero samupatsa moni.

Chipatalacho chili kuseri kwa sitolo ya penti ndi misomali, m'chipinda chimene kale ankasungiramo simenti. Makoma ake ndi matabwa opyapyala, moti munthu akamenyetsa chitseko wodi yonse imagwedera. Bedi ndi limodzi lokha. Akalikankhira kukhoma lina, pamenepo yasanduka wodi ina. M'botolo la dilipi mumakhala madzi a pampopi. A Dokotala, bambo wa imvi zaulemu amene owonera amawakhulupirira kuposa madokotala awo, masiku ena onse amaphunzitsa anthu kuyendetsa galimoto. Mwini zonsezi ndi a Tibwereze, amene amalemba sewerolo n'kulitsogolera okha. Dzinalo analitenga chifukwa palibe chimene amachikonda ulendo woyamba.

Poyamba Nesi ankaikonda ntchitoyi koopsa. Anaphunzira kugwira jakisoni mooneka ngati waigwira kuyambira kale, kuyenda mofulumira nsapato osagogoda, ndi kutulutsa msozi ku diso limene lili mbali ya kamera. Mayi ake anagula TV yaikulupo n'kumaitana aneba. Koma zaka zinapita, mawu ake osasintha. "A Dokotala akubwera." "Limbani mtima, mayi." "Pepani, tayesetsa." Tsitsi samaloledwa kusintha, poti Nesi wa sabata yatha sangadzuke ndi mutu wina. Kunenepa ayi, kuonda ayi. Tsiku lina mu minibasi mayi wina anamuvundukulira mwendo kuti aone chotupa, ndipo atanena kuti iye ndi wa zisudzo chabe, mayiyo anati, "Mwayamba kunyada, eti?"

Zimene sakanatha kusintha pa thupi lake ankazisintha m'nyumba. Bedi lero lili pawindo, mawa lili pakhomo. Wasamuka kambirimbiri, moti makatoni ena sanawamasule n'komwe. Akakhala pampando amakhala m'mphepete, phazi likuvina lokha.

Tsono a Tibwereze ali ndi njira ziwiri zochotsera munthu m'sewero. Amene wachoka mwamwano amagundidwa ndi galimoto, ndiye kuti zake zathera pomwepo. Amene watsanzika mwaulemu amamutumiza kunja kukaphunzira. Kunja kwa m'sewero n'kwabwino kuposa kunja kwenikweni. Kulibe chisanu, kulibe wokufunsa kuti ubwerera liti kwanu, ndipo chitseko chimakhala chotsekula.

Nesi anapitako kunjako kamodzi. Anatsanzika bwinobwino, namujambula akukweza mkono ndi chikwama. Zoona zake anali m'tauni momwemo, akuyendayenda kofuna masewero ena. Kulikonse ankamuuza chimodzimodzi: "Mumatha, chemwali, koma anthu akakuonani aziona Nesi." Mvula isanathe, foni inalira.

"Maphunziro aja sanathebe?" anatero a Tibwereze. "Odwala akukufunsa."

Anabwerera. Anamujambula akulowa m'wodi akukoka sutikesi yopanda kanthu, anthu akuomba m'manja. Manyazi amene anamva tsiku limenelo sanauzepo munthu.

Chaka chino kunabwera anthu ena amene akujambula filimu mumzinda wakutali. Akufuna mkazi woyendetsa lole, waukali, wometa mpala, wosiya mwana wake m'manja mwa anthu n'kupita. Anamuyesa, namukonda. Koma anamuuza mosabisa kuti akufuna munthu wathunthu, osati wobwereka kwa eni ake, ndipo za pambuyo pa filimuyo sanamulonjeze kanthu.

Nesi anawapeza a Tibwereze ali pa makwerero, akumata khoma la wodi ndi selotepi.

"Bwana, ndipheni."

"Wadzuka bwanji nawenso."

"Ndikunena zoona. Ndikuchoka, ndiye mundiphe."

"Iwe, wandilakwira chiyani kuti ndikuphe? Upite kunja. Ulendo uno ukaphunzira za mtima, ubwera uli sisita."

"Mukanditumiza kunja ndibweranso. Ndikudzidziwa. Zikangovuta pang'ono, inu muimba foni, ine ndikoka sutikesi ija."

"Ndiye choipa n'chiyani? Anzako akulira ntchito, iwe ukulira maliro ako omwe?"

"Bwana, ndikalamba ndikunena kuti a Dokotala akubwera."

A Dokotala, amene anali pakona akusenda lalanje, anati, "Komatu ndimabweradi, mwana wanga."

Palibe anaseka. A Tibwereze anatsika pa makwerero, natembenukira kwa Nesi. "Chabwino. Ugwa uli pantchito, matenda a mtima. Galimoto ayi, sunandinyoze."

Kwa mayi ake kunali kovuta kuposa. Anawapeza akusita, ndipo atamva nkhaniyo anaimika simbi.

"Ndiye ine ndikhale pampando panga pano, ndi aneba, ndikuonere ukufa?"

"Ndi sewero, amayi."

"Sewero ndikulidziwa, usandiphunzitse. Koma nkhopeyo ndi ya sewero? Ndinabereka sewero ine?"

"Muzimitse TV tsiku limenelo."

"Ndizimitse, anthu azibwera kudzandipepesa ine osadziwa kuti wafa bwanji?" Anatembenuza malaya, nawasitanso pomwe anali atasita kale. "Bambo akonso anali choncho. Mpando unkawawotcha. Ukakafika kumeneko n'kupeza kulibe kanthu, udzatani?"

"Sindikudziwa, amayi."

"Bola wayankha zoona."

Tsiku lojambula kunatentha kuyambira m'mawa. Malata ankathetheka, fungo la penti likulowera pansi pa chitseko. Kugwa kuja anajambula kangapo mpaka bondo linatupa. Kenako anamugoneka pabedi, namupaka ufa wotuwa kumaso, namumata chingwe cha dilipi pamkono. Kwa nthawi yoyamba anaona denga la chipindacho, ndi kangaude amene ankakhala kumeneko zaka zonsezi.

Wa kamera, munthu wosalankhulalankhula, anawerama ngati akukonza pilo.

"Chemwali, samalani," ananong'ona. "Akuluwa andiuza kuti a Dokotala akamaliza mawu awo ndisazimitse. Ndiloze pachifuwa panu mpaka iwo anene. Mukangopuma, nsalu n'kukwera, asunga pomwepo. Sabata yamawa adzati Nesi sanafe, anangokomoka. Mudzagona chikomokere mpaka tsiku limene mudzabwere."

Nesi anatembenuza maso. A Tibwereze anali kuseri kwa kamera, akupukuta magalasi awo, nkhope ili phee ngati munthu wosalakwa. Anafuna kudzuka kuti awalalatire. Koma anadziwa mmene zikanathera. Iwo akanakana, akanaseka, akanamugwira paphewa, ndipo iye akanafewa monga mwa masiku onse. Anangogona.

"Tiyeni!"

A Dokotala anamugwira pamkono, naika chomvera mtima pachifuwa pake, napukusa mutu pang'onopang'ono. Nesi anakoka mpweya mwakachetechete iwo atamuphimba ndi msana wawo, nausunga.

"Watisiya," anatero a Dokotala. Mawu awo ananjenjemera, ndipo sikunali kusewera konse. Anachoka pabedipo.

Chete.

Nyale zinkamuwotcha zikope. Kusitolo kuja wina ankatsitsa zitini, wina akukangana za mtundu wa penti. Thukuta linatsika kuseri kwa khutu, likuyabwa. Phazi lija, losadziwa kukhala, linafuna kuvina, koma analikaniza. A Tibwereze osanena kanthu. M'chifuwa munayamba kutentha, kenako kumenya ngati muli munthu amene watsekeredwa. Pakhosi panadzikoka pokha. Maganizo ena anabwera mwaulemu kwambiri: kapume pang'ono chabe, ndani aone? Ndipo ukapuma walakwa chiyani? Pano amakudziwa, pano amakukonda, Lachinayi lililonse mayi ako amavala bwino kukhala pa TV. Kumene ukupitako ukakhala mlendo wometa mpala.

Anawamva maganizowo mpaka kumapeto. Sanapume.

M'makutu munayamba kulira. Kuseri kwa zikope kunachita timadontho toyera, kenako mdima unayamba kulowa cha m'mbali. Kutali kwambiri anamva a Dokotala akuti, "Akulu, mwanayu afadi apa." Panadutsanso kanthawi.

"Dula," anatero a Tibwereze, motsitsa.

Mpweya unalowa ngati mpeni. Anatsokomola, nagudubuka, chingwe cha dilipi n'kuthothoka, madzi a pampopi aja n'kumwazikira pansi. A Dokotala ankamuomba pamsana akumutukwana mwachikondi. A Tibwereze anaweramira pa kamera, naonera zimene ajambulazo kuyambira poyamba mpaka pothera, akuyang'anitsitsa nsalu ya pachifuwa. Sinagwedezeke ngakhale pang'ono.

"Wafadi," anatero. Anavula magalasi, nawavalanso. "Mwana wouma mutu iwe. Pita, usanandilize pamaso pa anthu."

Nesi anakhala m'mphepete mwa bedi. Anayamba kuseka, koma kusekako kunathera panjira, chifukwa apa m'pamene zinamulowa kuti Lachinayi likubwerali alibe kopita, ndipo foni ija sidzaliranso. Mantha atsopano anamugwira. Anawasiya akhale. Anapukuta ufa kumaso ndi ngodya ya nsalu, natembenukira kwa wa kamera amene ankakulunga zingwe zake.

"Achimwene," anatero, mawu akadali osasa, "mabasi opita kumzinda wa filimu uja amakwerera kuti?"