Maloto Amene Ndinapeka

"Achimwene, wosuta chamba ngati inu analotapo liti?"

Anakuwa choncho mlongo wanga Rozina, abale onse akumva. Ndinali nditangowauza kuti malemu abambo anandibwerera kutulo n'kunena kuti dimba la kachewere ku Domwe, limene iye ankadyetsera ana ake, ndi langa. Ndinamutukwana, n'kumukumbutsa kuti ine ndinaphunzira kwa apadiri iye akutola nkhuni. Koma ankanena zoona. Chiyambire kusuta, tulo tanga tinali mdima wokhawokha. Malotowo ndinapeka ndili maso.

Pofuna umboni, ndinasiya chamba. Patapita masiku maloto anayamba kubwera motsatizana, ndipo abambo anatulukiradi. Ndinazindikira kuti ndikulota, ndiye ndinati ndiwalamule: "Nenani kuti dimba ndi langa."

Anandiyang'ana monga ankachitira ndikaba mazira, nati, "Iwe Zuze, khasu unaligwirapo liti?"

M'mawa ndinakamuuza Rozina kuti azilima dimbalo, poti msana ukundivuta. Za malotowo sindinatchule. Pobwerera ndinayatsa chamba changa, kuti mdalayo asabwerenso.