Mphaka wa Malemu Velika

Pamsewu wathu mphaka akaswa, ana ake ankapita kwa a Stoimen. Ine ndinakwatiwa m'mudzi muno n'kupeza zili choncho. Unkawaika m'thumba asanapenye, n'kusiyapo mmodzi woti aziyamwa, ndipo a Stoimen ankapita nalo kuseri kwa khola la nkhosa kumene kunali ndowa ya madzi. Akabwerako unkawathirira kapu ya rakiya, kachasu wathu wa maula, nkhani n'kuthera pomwepo. Anakhalapo m'busa, kenako mlonda wa pasukulu mpaka sukuluyo inatsekedwa, ana onse atathera kulikulu ku Sofia ndi ku Spain. Koma ntchito ya ndowayi sinatsekedwe. Tinkawapatsa moni mwaulemu, komabe palibe ankakonda kuyang'ana manja awo.

Akazi awo, a Velika, anamwalira nyengo yozizira yathayi, n'kusiya mphaka wotuwa dzina lake Sivka. A Velika ankamutsekera m'nyumba ngati mwana wamkazi. Maliro atangotha Sivka anayamba kuyendayenda, ndipo posakhalitsa mimba inaonekera. Wofuna ana amphaka m'mudzi mwa nkhalamba zokhazokha ndani? Akanabadwa, njira inali imodzi yomwe ija, ndipo woigwira anali mwini wake yemweyo.

Ndiye kunamveka kuti galimoto ya dokotala wa ziweto, imene imatiyendera kamodzi pachaka, ibwera kudzatseka amphaka kuti asamaberekenso. Ndinawauza a Stoimen tili pampanda.

"Kudula chimene Mulungu anaika? Tchimo limenelo, mayi Tsvetana," anatero.

"Nanga ndowa yanu ija anaika ndi Mulungu?"

Pakamwa panga palibe chitseko, ndikudziwa. Anandiyang'ana n'kulowa m'nyumba. Ndinadzimvera chisoni, komanso ndinali nditakwiya.

M'mawa wa tsikulo ndinawaona akutuluka ndi Sivka m'dengu, atavala jekete la kutchalitchi. Anathira madzi pakhomo, monga timachitira munthu akamapita paulendo kuti zimuyendere bwino, n'kudutsitsapo dengulo. Ndinawatsatira.

Pabwalo la tchalitchi panali mzere wa amayi ndi madengu olira. A Penka, amene sangaone chinthu osachinena, anafuula: "Onani a Stoimen! Bizinesi yagwa eti? Rakiya waulere muzimwa kuti tsopano?" Ena anaseka, ena anayang'ana pansi.

Dokotala anali mtsikana, dzina lake Ralitsa. Anasisita mimba ya Sivka n'kufunsa: "Agogo, sanadye kanthu chiyambire dzulo madzulo, si choncho?"

"Wadya. Tchizi ndi kansomba. Munthu angapite kuchipatala ndi njala?"

"Ayi, agogo! Ndikamugoneka ali wokhuta akhoza kusanza n'kutsamwa, n'kufera patebulo pompano. Sindingamugwire."

Galimoto ikachoka, basi, mpaka chaka chamawa. Ndinachonderera ngati mphakayo ndi wanga, mpaka dokotala anati tidikire, adzamuona pomaliza dzuwa likapendeka, bola asalawe chilichonse.

Tinakhala pabenchi tsiku lonse, dengu lili pamiyendo pawo. Sivka ankalira njala. Kawiri konse a Stoimen anaimirira ngati akupita kwawo, kawiri konse ndinawakoka jekete.

"Velika akanavomera zimenezi?" anandifunsa.

"Velika ankatseka makutu ndi pilo mukapita kuseri kwa khola. Anandiuza yekha."

Sindikudziwa ngati ndinachita bwino kuwauza.

Bwalo litatsala lopanda anthu, dokotala anatuluka akupukuta manja.

"Agogo, ndikuuzeni zoona musanandipatse. Mimbayi yakula. Ndikamutseka lero, anawo ndichotsa pamodzi ndi chiberekero, sakhala ndi moyo. Mukafuna, bwererani naye akaswe. Zili kwa inu."

A Stoimen anakumbatira dengu lija. Ndinaganiza kuti zatha, akubwerera nalo, ndipo ulendo uno sindikanawakokanso jekete.

"Amva kuwawa?" anafunsa.

"Mayiyo? Pang'ono, akadzuka."

"Ayi. Anawo."

"Samva kanthu. Mankhwala ogonetsa mayi amawagonetsanso iwo. Amapita ali m'tulo."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, maso ali pa dengu.

"Anga aja ankamva," anatero. "Onse aja ankamva."

Anapereka dengulo ndi manja awiri, n'kukhala pansi pafupi ndi tayala la galimoto. Ine ndinakhala nawo pomwepo mpaka chitseko chinatsegukanso.