Dzanja pansi pa kabudula wa sikelo

Boma litanditumiza ku Mzimba ndili namwino wongoyamba kumene, anandipatsa sikelo ya ana. Mwezi uliwonse tinkapita kumudzi wina kuseri kwa Champhira, n'kukoleka sikelo panthambi ya mango. Inali ija ya nkhope ngati wotchi, ngowe ili kunsi. Mwana umamuveka kabudula wa zingwe n'kumukoleka, sipuling'i m'katimo n'kutamuka, muvi n'kuloza nambala. Chitsulocho chilibe nzeru, chimangomva chimene chikuchikoka. Mwana akamaphiriphitha muvi umavina, wina akagwirako umanama.

Panali mtsikana wina wa mwana mmodzi, mwamuna wake ali kumigodi ku Joni. Mwanayo pomuona anali bwinobwino, koma mwezi ndi mwezi muvi unkaima pomwepo, pena kubwerera m'mbuyo. Nambala ndinkaitchula mokweza kuti mnzanga wa kuntchito alembe, amayi pamzere makutu ali tcheru, ndiye nkhani inkafika kumudzi mwini wake asanafike. Mwana akamanyentchera bambo ali kutali, anthu amafunsa chimodzi, kuti mayiyo wayenda ndi yani. Kwathu ku Dowa timati tsempho. Ndipo ku Mzimbako n'kwa malobola. Mkazi akabwezedwa kwawo mwana amatsala, poti ng'ombe zinapita kale.

Tsiku lina anabwera ndi apongozi ake aakazi, amene anati akufuna adzionere okha. Mnzanga uja, mwana wa komweko, anandinong'oneza kuti akuluakulu anakhala kale pansi, zatsala n'kumuperekeza mtsikanayo kwawo basi.

Nditamunyamula mwanayo, mkono unandiuza zina. Nditamukoleka, muvi unanena zina. Zinandikwiyitsa, chifukwa ine sindikonda kupusitsidwa ndi chitsulo. Ndinauza mnzanga kuti awerenge iye, ine n'kuwerama kuyang'ana kunsi, kumene wowerenga sayang'ana. Si dzanja ilo! Mtsikana uja anali atalilowetsa kuseri kwa chitenje, chikhatho chitalandira matako a mwana mwakachetechete. Mwana akamakula, nayenso ankangowonjezera mphamvu.

Ndinamukalipira, sindibisa, kuti kodi mutu wake ukuyenda bwino. Anayankha maso ali pansi, m'chilankhulo chake, koma ndinamva.

"Mwana wane ni nyama yayi."

Mwana wanga si nyama. Anafotokozera mnzanga kuti kumsika wa ku boma anaona sikelo yonga yomweyo, ngowe yomweyo, atakolekapo mwendo wa ng'ombe. Kuyambira pamenepo mtima sunamulole kuti mwana wamoyo alendewere yekha. Sankadziwa kuti dzanja limadya nambala. Ankaona ngati sikelo imaona za m'thupi, ndipo anali atayamba kukhulupirira kuti mwanayo akudwaladi.

Ndinamuuza kuti aike manja onse kumbuyo. Anakana. Apongozi aja anabwera n'kumugwira mikono yonse iwiri. Mwana anatsala yekha m'malere akulira, muvi n'kuthamanga, n'kudutsa pamene unkaima miyezi yonse ija. Ndinadikira kuti ukhazikike, kenaka ndinatchula nambalayo mokweza kuposa masiku onse, kuti wa kumapeto kwa mzere amve.

Apongozi aja anangoti, "Mbwenu," ndiye kuti basi, nkhani yatha. Anamukolola okha mwanayo pangowe, n'kumuberekera mayi wake kumsana, mfundo ya chitenje n'kumanga okha.