Lorene Wansabwe ndi Nkhongo Yobwereka

"Uwatchule mayina! Mmodzimmodzi, pamaso pa anzawo, mazira ali m'kamwa! Akuchotse iwe? Anthu amene wakhala ukuwapulumutsira ana? Ndikanakhala ine, tebulo lija ndikanaligubuduza!"

Ankakalipa chonchoyo ndi Dolores, dalaivala wa basi ya ana asukulu kuno ku Toledo, mkulu wake wa Lorene Dombek, mayi woti akatsegula pakamwa agalu a msewu wonse amayankhira. Anali atakhala pampando wa makasitomala m'kashopu ka mng'ono wakeyo, thaulo lili m'khosi, poti munthu wonyamula ana tsiku ndi tsiku mutu wake umafunika kuunika.

Ntchito ya Lorene ndi yochotsa nsabwe m'mitu mwa anthu. Sekani, ambiri amaseka, mpaka tsiku limene aphunzitsi awaimbira foni kuti dzatengeni mwana wanu. Iye anayambira pa mwana wake yemwe, nthawi imene ankaphika pasukulu ina ya pulayimale. Mankhwala a m'sitolo atakanika, anakhala pansi ndi chipeso cha mano othinana n'kuusesa mutuwo mpaka mbee. Amayi anzake anamva, anayamba kugogoda pakhomo pake monong'ona. Bambo a mwanayo atachoka, manong'onong'o aja ndiwo anasanduka bizinesi: kachipinda kuseri kwa malo ochapira zovala, chitseko choyang'ana kukanjira ka kumbuyo kuti wolowa asaonedwe.

Koma bizinesi yotere ili ndi tsoka lake. Makaniko akakukonzera bwino galimoto umauza anzako. Wophika keke amatamandidwa ukwati wonse. Nanga wochotsa nsabwe angamutchule ndani? N'chifukwa chake Lorene, manyazi ake onsewo, analowa gulu la eni mabizinesi ang'onoang'ono limene limakumana Lachinayi m'mawa m'chipinda chamkati cha lesitilanti ina. Ntchito iliyonse ili ndi mpando umodzi: wa mapaipi mmodzi, wa inshuwalansi mmodzi, wometa mmodzi. Aliyense amaimirira mphindi imodzi kunena zimene amachita, kenako amathokozana poyera kuti uje wanditumizira kasitomala, uje anandigwirira ntchito bwino. Chala chimodzi sichiswa nsabwe, ndipo panalibe wodziwa zimenezi kuposa Lorene.

Tsiku loyamba anaimirira n'kutchula mawu akuti nsabwe. Mafoloko anagwera m'mbale. Wina anayamba kukanda kuseri kwa khutu, mnzake naye, posakhalitsa tebulo lonse. Kuyambira pomwepo mphindi yake ikafika ankangoti, "Ndine Lorene, wa za tsitsi la ana," n'kukhala pansi msanga ngati wapsa. Masabata ena ankangopukusa mutu kuti dumphani. Nthawi yachisanu anzake ankaunjika majekete pamodzi, lake lili lokhalokha pambali.

Ntchito yochokera kugululo inkabwera ndithu, koma mwakachetechete, yodzera kukanjira ka kumbuyo kaja. Ndi imene inkamuolotsa holide yaitali sukulu zikatsekera. Popanda iyo kunali kutseka shopu n'kukanyamula makatoni kumalo osungira katundu. Ndiye m'mawa wa tsiku la mkanganoli, a Hollis Brandt, ogulitsa nyumba, amenenso ndi wapampando wa gululo, anamuimbira foni ndi mawu oterera ngati batala. Akuti komiti yaona kuti palibe membala amene anaimirirapo kumuchitira umboni, komanso alendo akabwera samasuka. Lachinayi likubweralo likhala lake lomaliza m'gululo.

"Asisi, khalani chete ndione kuseri kwa khutuku," anatero Lorene, akugawa tsitsi la Dolores ndi chipeso. "Mayina sinditchula. Mayi amalowa muno akulira, mwana ali kumbuyo wabisa mutu m'chipewa, anzake amuseka m'kalasi. Ndimamuuza kuti zimene zalowa pakhomo ili sizituluka. Lero nditsegule pakamwa chifukwa cha mpando? Mawa adzabwera ndani? Ndipo inu musamaiwale, ana amene mukufuna ndiwayalutsewo ndi omwe amakwera basi yanu. Makolo awo ndi amantha, inde, koma mantha si mlandu. Inenso ndine wamantha, mundimange?"

Dolores anaponda pansi n'kutembenuza mpando uja, maso ndi maso.

"Bwerezanso zimene wanenazo."

Lorene anayang'ana chipeso. Anayang'ana nsapato zake. "Ndimati... mayina..."

"Ha! Taona!" Dolores anawomba m'manja. "Uli kumbuyo kwangaku umalankhula ngati wailesi, mpaka kundizazira ine mkulu wako. Ndangotembenuka, wasanduka nsomba! Vuto lako si pakamwa iwe, ndi maso a anthu. Ukawalankhule uli kumbuyo kwa mutu wa munthu!"

"Mutu wa ndani? Inu nthawi imeneyo mumakhala muli pamsewu."

"Kapemphe. Manyazi anapha Lambe."

Kupempha. Lorene akanasankha kupesa mitu ya sukulu yathunthu kusiyana ndi kupempha munthu kanthu. Anatenga foni n'kuibweza. Anafika pakhomo la malo ometera a Odell, membala mnzake wa gululo, n'kupitirira ngati akukagula buledi. Ulendo wobwerera ndi pamene analowa. Odell, bambo wachikulire wadazi lonyezimira, ankasesa tsitsi pansi.

"Chemwali Lorene! Mwasochera? Muno timameta, sitisaka nyama."

"Achimwene, ndikufuna mundibwereke mutu wanu Lachinayi."

Odell anasisita dazi lake. "Bwalo la mpirali? Mupesapo chiyani? Nsabwe ikafika apa imaterereka n'kuthyoka mwendo."

"Sindikufuna tsitsi. Ndikufuna nkhongo yoti ndiziyang'ana polankhula."

Anamufotokozera zonse, maso ali pa tsache. Kuseka kwa Odell kunatha. Iye ndi mmodzi mwa amene ankamutumizira anthu mobisa: akapeza kanthu m'mutu mwa mwana ankanong'oneza kholo kuti pitani kuseri kwa malo ochapira. Koma kuimirira pagulu, ayi. Ankaopa kuti anthu adzati kwa Odell kuli nsabwe.

"Mwandigwira pakhosi, chemwali," anatero. "Chabwino. Koma musandithire mafuta anu onunkha aja, akazi anga angandifunse kumene ndinali."

Lachinayi linafika ndi chisanu choluma makutu. Khofi, mazira, soseji, phokoso la masiku onse. Wa mapaipi ananena zake, wa inshuwalansi zake. A Brandt anayang'ana wotchi n'kunena kuti, "Mayi Dombek, tidumphe monga mwa nthawi zonse?"

Lorene ananyamuka, nazungulira tebulo, n'kukaima kumbuyo kwa Odell. Anatulutsa thaulo n'kumukoleka m'khosi. Anatulutsa chipeso. Anthu ataona chipeso pamwamba pa dazi, chipinda chonse chinaphulika ndi kuseka, ndipo kwa nthawi yoyamba sankaseka iye. Anaika dzanja pamutu paja, maso pa nkhongo, mawu n'kubwera okha ngati ali kushopu.

"Ndine Lorene. Ndimachotsa nsabwe. Kandani, musachite manyazi, aliyense amakanda akamva. Nsabwe sifunsa kuti bambo ako amagwira kuti, ndipo tsitsi losambitsidwa bwino ndi limene imalikonda. Mwana akabwezedwa kusukulu lero, mukabwera naye kwa ine, mawa m'mawa ali m'kalasi, inu muli kuntchito. Amene ndinakuthandizanipo, sindikukudziwani. Tikakumana m'golosale ndimayang'ana tomato. Umboni sindikupemphani. Ndikupempha chinthu chimodzi: timakhadi tangati ta nambala yanga ya foni musatiike pa kauntala, palibe angatole anthu akuona. Mukatiike kuchimbudzi cha shopu yanu, pafupi ndi sopo. Kumeneko munthu amakhala yekha."

"Mwapeza kanthu, adokotala?" anafunsa Odell osatembenuka.

"Mulibe, achimwene. Ngakhale nzeru sindikuziona."

Eee! Wa mapaipi khofi anamutulukira m'mphuno. Lorene mwiniwake anadabwa kuti mawuwo achokera kuti. Timakhadi tinayamba kuyenda dzanja ndi dzanja, wina akuti ndipatseni tambiri, kwanga zimbudzi n'ziwiri.

Odell anavula thaulo n'kuimirira. "Ine ndakhala ndikuwatumizira anthu mayi awa kuyambira kalekale, ndipo palibe anabwerako akudandaula. Ndinkaopa kunena. Ndanena tsopano, amene akufuna akamete kwina."

Kenako anaimirira Renata Ochoa, mwini malo osamalira ana masana, nkhope ili psuu. "Ana a pamalo anga, ana anga obereka, ndi mutu wangawu. Lorene anandipesa ndikulira ngati khanda. Ndiye ndamva Odell akunong'ona kuti lero n'lomaliza lake. Lomaliza bwanji?"

"Ndi zimene komiti inagwirizana," anatero a Brandt, akusonkhanitsa mapepala awo. "Tikambirana pambuyo, nthawi yatha."

"Komiti?" Renata anayang'ana wa inshuwalansi. "Ine ndili m'komiti. Inunso muli momwemo. Tinakumana liti?"

Wa inshuwalansi anapukusa mutu, soseji ili pa foloko.

Apa ndi pamene munthu amaonekera chimene ali. Mpando unali utapulumuka kale, aliyense ankaona. Lorene wakale akanapinda thaulo lake, n'kuthokoza, n'kutuluka chamsanamsana kuti asavutitse munthu. Ndipo miyendo inkamuuza zomwezo. Koma anaganiza za masiku amene wakhala osagona tulo, akuona shopu yake itatsekedwa, chifukwa bambo mmodzi safuna kumva za nsabwe akudya mazira. Anaganizanso kuti mawa kudzabwera wina wopopa zimbudzi kapena wosambitsa maliro, wamanyazi ngati iye, n'kulandira foni yomweyo ya mawu oterera.

Anaika chipeso m'thumba. Anachoka kumbuyo kwa Odell, nayenda mpaka kumutu kwa tebulo, n'kuima kutsogolo kwa wapampando. Panalibe nkhongo yoyang'ana. Panali maso awiri okha, ndipo anawayang'ana. Mawu ake anamveka mpaka kukhitchini.

"Bambo Brandt, munandiuza kuti komiti yandichotsa. Komiti ndi iyi yakhala apayi, ikuti sikudziwa. Mapepalawo ayambe akhala pansi. Anandichotsa ndani? Muyankhe pompano, onse akumva."