Malo a chambo pa mapu a apongozi

Kwathu ndi ku Dedza. Nyanja ndinaidziwira ku Malindi, komwe ndinapita kukaphunzitsa n'kukwatira komweko. Apongozi anga aamuna anali msodzi wopuma. Malo aliwonse opezeka chambo ankawadziwa ndi dzina lake la Chiyao, koma anali atayamba kuiwalaiwala. Ndinachita mantha kuti mayinawo apita nawo.

Ndiye ine, ndi kudziwadziwa kwangaku, ndinapanga tsamba la pa intaneti la mapu a nyanja. Ukadina ndi mausi pamatuluka kabokosi kolembamo dzina, malowo n'kusungidwa ngati dontho pa mapupo. Pa laputopu yanga zinkayenda bwinobwino. Itawonongeka, tinasamukira pa chikompyuta chakale cha kusukulu.

Loweruka lililonse apongozi ankabwera kusukuluko atavala kofia yawo. "Tsitsani mapuwa, aphunzitsi. Tsitsaninso. Apa!" Iwo kuloza ndi chala, ine kudina. Zoti ndione ngati madontho akugwera poyenera sindinaziganizeko.

Laputopu itakonzedwa, ndinatsegula mapu onse. Mayo ine! Chambo chili m'minda ya anthu, china kutali komwe bwato lopalasa silifika. Madontho onse anali atakwera m'mwamba, koma mosiyanasiyana. Manyazi anandigwira, komabe chidwi chinandiposa. Sabata yonse ndinkangodina pa makina awiriwo, kufuna kudziwa chikusuntha madonthowo n'chiyani.

Kani bulawuza, pulogalamu yotsegulira intaneti, ya pa laputopu inali yatsopano ndipo inkandiuza pomwe pali mausi kuyambira pamutu pa tsamba lonse. Yakale ya kusukulu inkayambira m'mphepete mwa sikirini basi, zoti watsitsa tsamba ilibe nazo ntchito. Umayenera kuifunsa padera kuti watsitsa bwanji, n'kuphatikiza wekha. Mizere itatu yokha yowonjezera mu pulogalamu ya tsambalo inakonza vutolo, ndipo ndinasangalala ngati mwana.

Koma madontho akale sakanakonzeka. Ndani ankakumbukira kuti podina paliponse tinali titatsitsa bwanji?

Panali patapita miyezi inayi chiyambireni ntchitoyo. Ndinanyamula laputopu kupita kwa apongozi, ndinawapeza pakhonde atachokera ku mzikiti. Ndinakhala pansi chapatali, monga mkamwini.

"Bambo, ndinalakwitsa ndine. Tiyambirenso."

Anayang'anitsitsa mapuwo nthawi yaitali, chala chili m'malere. Kenako anatembenukira kwa mkazi wanga, yemwe ndinapita naye, n'kumufunsa motsitsa mawu:

"Nyanja yokongola chonchi ndi ya kuti?"