Lole ya a Fombe ndi Ufa wa Amayi Awo

Amuna a anzanga akapuma pa ntchito amaweta nkhuku. Ena amalowa kwaya, ena amangokhala pakhonde n'kumakangana ndi wailesi. Anga, a Bernardino Fombe, anapita kutchire n'kukandikokera mtembo wa lole.

Inabwera chokokedwa ndi thirakitala, dzuwa lili paliwombo, kuti Chimoio yense aone manyazi anga. Matayala ena kunalibe. Pampando wa dalaivala panali patamera kamtengo, ndipo m'kati mwa injini munatuluka makoswe omwe analunjika kukhitchini kwanga ngati wina anawalozera njira. Anaiimika penipeni pa dimba langa la kabichi.

"Abambo ake Graça, chimenechi n'chiyani?"

"Linda, lankhula mwaulemu," anatero akusisita dzimbiri. "Iyi ndi IFA, ya asilikali, yeniyeni. Mwina chitseko ichi ndinamanga ndine ndi manja angawa."

Apa ndiye pagona nkhani. Ali mnyamata, nkhondo ili m'kati kuno kwathu, anatumizidwa ku Jeremani ya kum'mawa kukagwira ntchito m'fakitale yopanga malole amenewa. Anakhalako mpaka nkhondo ili pafupi kutha, ntchito yake kumanga zitseko. Anabwerako ndi jekete lachikopa, wailesi ya makaseti, ndi matenda osamva mankhwala onena kuti "ku Jeremani sitinkatero." Ine Ermelinda ndinakopeka ndi jeketelo, musandifunse zambiri. Kuchoka apo anagwira umakaniko wa mabasi mpaka imvi, osamwa, osayenda ndi akazi. Ndinkati Mulungu wandikondera. Sindinkadziwa kuti mkazi mnzanga akundidikira m'tchire, ali ndi makoswe ake.

Koma abale inu, ndinaona zinthu! Poto wanga wamkulu wophikira ndiwo za matapa ndinamupeza atadzaza dizilo, mabawuti akusamba m'menemo. Thaulo la alendo linasanduka chopukutira girisi. Mswachi wanga, wanga ndithu, ankatsukira timano ta m'giya. Makina anga osokera anathyokera singano pa tenti ya kumbuyo. Ndikafunsa, yankho linali limodzi: "Ubwezeredwa." Mpaka lero ndikudikira.

Chikanakhala chongofuna kuti iyende, bwenzi itayenda kalekale, pakuti manja a munthuyu ndi odala, zimenezo sindingawamane. Vuto linali loti chilichonse chikhale monga chinatulukira m'fakitale. A Sulemane owotcherera zitsulo, aneba athu, anawabweretsera nyale ziwiri zatsopano, zowala bwino, zaulere. A Fombe anazigwira ndi nsonga za zala ngati mbewa yowola.

"Achimwene, mungaveke agogo anu nsapato za mpira?"

"Agogo anga akanakhala kuti akuyenda chopanda nsapato, ndikanawaveka," anayankha a Sulemane, n'kunyamula nyale zawo.

Bawuti ikakhala ya mutu wolakwika, ayi. Waya akakhala wa mtundu wina, ayi. Anapeza madala anzawo a ku Jeremani pa foni, odwala matenda omwewa, n'kumatumizirana zithunzi za zitsulo ngati za zidzukulu. Graça, mwana wathu, atabereka, chithunzi cha khanda anachiyang'ana kamodzi. Cha pampu ya dizilo anachionetsa mpingo wonse.

Zonsezi ndikanapirira. Chomwe chinkandiwawa chinali cha apongozi anga, amayi Felizarda.

Kwawo kwa a Fombe, kuseri kwa Sussundenga, munthu ukapeza galimoto suyamba nayo maulendo mayi wako asanaithire ufa pa matayala ndi kuuza makolo kuti mwana wawo akuyendera chimenechi. Amayiwo anali atakalamba zedi, maso anatha kale, ankakhala ndi mlamu wanga Albertina. Anabereka amuna awiri. Wamng'ono, Caetano, anapita ndi nkhondo mkulu wake ali kunja, ndipo dzina lake pabanjapo silinkatchulidwa kawirikawiri. Wotsalayo anali Dino wawo, yemwe ntchito yake ya ku Jeremani ankangoimva m'nkhani. A Fombe anawauza kuti akumanga galimoto ngati zomwe ankapanga kunja kuja, ndipo ikatha abwera nayo kuti aigwire ndi manja awo, aithire ufa. Kungoyambira tsikulo, tikangofika pa basi, moni wake unali womwewo.

"Dino, galimoto yako ija yatha? Ufa ndasunga."

"Yatsala pang'ono, amayi. Pakusowa galasi limodzi la nyale."

Galasi! Kagalasi kachikasu ka nyale yokhotera, kochepa kuposa sosala. Injini inali ikulira, mabuleki akugwira, tenti itamangidwa, koma lole ili phee pa dimba langa chifukwa cha kagalasi. Ufa unkachita anankafumbwe, Albertina n'kusinja wina. Mvula inabwera n'kupita, inabweranso. Nyengo yozizira ina amayi anadwala chifuwa mpaka tinaitana abale. Atachira ndinawapeza a Fombe pansi pa lole, miyendo yokha ili kunja, ndipo ndinalankhula ndi miyendoyo.

"Inu abambo, mutu wanu ukuyenda? Amayi anu saona! Galasilo aliona ndi chiyani? Mukufuna ufa umenewu tidzaphikire anthu pa maliro?"

Kenako mawu anatuluka pansipo: "Iwo saona, koma ine ndimaona. Sindingapititse chinthu choperewera kwa mayi anga."

Kulankhula ndi munthu ameneyu n'chimodzimodzi kuyimbira mbuzi gitala.

Kagalasi kanafika m'kabokosi, kochokera kwa dala wina wa ku Jeremani, atakakulunga m'sokosi. Apo ndiye panabuka nkhani ya penti. Ine ndinati buluu. Ndinakulira m'tauni, koma nkhondo ndinaiona, ndipo chobiriwira chija cha asilikali sichinkandisangalatsa.

"Pakani buluu ngati malole a nthochi a ku Macate. Mtundu uwo anthu saukonda."

"Buluu? Linda, iyi si ngolo ya nthochi. Inatuluka yobiriwira, ikhala yobiriwira."

"Mudzamva nkhwangwa ili m'mutu."

Anasakaniza penti katatu konse mpaka atafanana ndi kachigamba komwe anakapeza kuseri kwa chitseko, komwe dzuwa silinafikeko. Ndisaname, itatha inali yokongola moopsa. Ngakhale a Sulemane anavula chipewa.

Tsiku la ulendo anakana kuimbira foni Albertina. Ati zikhale zodzidzimutsa. Anavala ovololo yochapa, yosita, ya mizere yakuthwa ngati akupita kukalandira mendulo. Ine ndinakwera ndi makwerero, chitenje chili m'manja, nkhuku yamphatso ili pamiyendo. Njira yonse anandiphunzitsa phunziro lomwe ndinali nditalimva kambirimbiri: ichi n'cha mphepo ya mabuleki, ichi n'cha matayala onse anayi, ndipo injini iyi sizima ndi kiyi, umaponda kachitsulo aka ka pansi ndi chidendene.

"Ndamva, aphunzitsi. Yang'anani kutsogolo."

"Tamvera kaye kulira kwakeko," anatero maso akuwala. "Mmawa uliwonse pa fakitale, chisanu chili mbuu, zikamatuluka pa geti zinkalira chonchi. Ndinali mnyamata, Linda."

Titasiya tala n'kulowa msewu wafumbi, ndinayamba kuona zachilendo. Achinyamata ankathamangira kumsewu, mafoni m'mwamba, kujambula. Koma bambo wina wachikulire yemwe ankapalasa njinga anaitaya pomwepo n'kulowa m'udzu. Patsogolo pang'ono mayi wina waimvi anatula mtolo wa nkhuni, osatiyang'ana n'komwe, n'kutsetserekera kumtsinje.

"Abambo ake Graça, mwaona?"

"Akutipatsa njira. Anthu a kwathu ndi aulemu."

Tinalowa pabwalo la apongozi ndi chimkokomo, fumbi lili kobo. A Fombe anaimitsa, n'kusiya injini ikulira kuti amayi aimve bwino. Anatsika, anakonza kolala.

Pabwalo panalibe munthu. Mkeka wa amayi unali pamthunzi pomwe umakhala, ndodo yawo ili pomwepo, kapu ya tiyi itagubuduzika. Albertina anatulukira kuchokera ku chitsime akuthamanga, ndowa ataitaya m'njira. Atazindikira kuti ndife anaima, akupuma mwabefu, ndipo nkhope yake inasintha kuchoka pa mantha kupita pa ukali.

"Achimwene! Ndinu? Galimoto mwakhala mukunena zaka zonsezi ndi imeneyi?"

"Ndi imeneyi, mlongo. Waiona?"

"Ndinaiona kale ine! Inaima pomwe mwaimikapo. Caetano asilikali anamuponya kumbuyo uko ngati thumba, amayi atagwira chitseko, ikuwakoka mpaka pa mango apo. Inu munali kwa azungu anu."

A Fombe anatembenuka kuyang'ana lole yawo. Ankadziwa kuti mng'ono wawo anatengedwa. Za galimoto yomwe inamunyamula palibe anawauzapo, ndipo iwo sanafunsepo.

"Amayi ali kuti?" ndinafunsa ine.

Tinawapeza potsatira mkukuluzi m'fumbi. Munthu woti kupita kuchimbudzi amachita kumugwira dzanja anali atakwawa yekha kudutsa kuseri kwa nkhokwe mpaka m'munda wa chinangwa. Anali atagona chafufumimba pakati pa mizere, mpango utagwa, mawondo atasupuka. A Fombe anagwada pambali pawo.

"Amayi, ndine. Ndine Dino."

Dzanja la gogoyo linawapapasa kumaso, kenako linawagwira kolala ndi mphamvu yomwe sindikudziwa kuti inachokera kuti, n'kuwagwetsera pansi.

"Gona! Gona pansi, mwana wopusa iwe, abweranso. Usatsokomole." Anawatseka pakamwa ndi chikhatho, n'kuwafunditsa nsonga ya chitenje chawo kumutu. "Ananditengera mmodzi. Iwe sakuona, ndakubisa."

Bambo wa imvi, wa zidzukulu, anagona m'dothi ndi ovololo yake yosita, mayi ake atamufungatira mutu. Kubwaloko lole inali ikungolira, mokoma, mosadukiza, monga anaikonzera. Ine amene ndinali nditasunga mawu ambiri oti ndidzawalankhule tsiku ngati limeneli, onse anandithawa. Ndinamva chisoni chomwe sindinamvepo pa munthu ameneyu. Anatembenuza maso okha kundiyang'ana, misozi ikutsikira m'khutu, ndipo ndinamva zomwe ankapempha.

Ndinathamanga. Ndinakwera popanda makwerero, sindikudziwa bwanji. Nkhuku inali ikukupiza mapiko pampando. Ndinapotokola kiyi, injini osazima. Ndinatukwana Jeremani yense ndi madala ake. Kenako phunziro lija linabwera lokha, ndinafufuza kachitsulo ka pansi n'kukaponda ndi chidendene. Lole inanjenjemera, n'kukhala chete.

Nditabwerera m'chinangwa muja, amayi anali atadzutsa mutu, akutchera khutu.

"Apita?"

"Apita, amayi," anatero a Fombe.

"Sanatenge munthu?"

"Sanatenge munthu."

Albertina anawabereka amayi kumsana kupita nawo m'nyumba kukawatsuka mawondo. A Fombe anaitana amuna a m'mudzimo, omwe ankatuluka m'tchire mmodzimmodzi, ena akuseka mwamanyazi, ena osaseka n'komwe. Anaikankha loleyo chozima, iwo ali pa chiwongolero, mpaka kuseri kwa sukulu komwe phokoso lake silikanafika. Palibe anafunsa za penti. Bambo wa njinga uja anakankha nawo, koma nkhope atayang'ana kumbali.

Madzulo dzuwa lisanalowe tinakhala pamkeka. Amayi anali atamwa tiyi wina, mtima utakhala pansi, ndipo anayamba kutidzudzula kuti tinasankha tsiku loipa lobwera, tikanakumana nazo m'njira. Kenako anapapasa pambali n'kukoka lichero lomwe linali lovundikira ndi kansalu.

"Nanga iwe Dino, galimoto yako ija yatha? Ufa uwu ndi watsopano, Albertina wasinja dzana."

A Fombe anavundukula kansaluko, n'kuyang'ana ufawo.

"Sinathe, amayi. Pakusowa galasi limodzi."

"Aaa, iwe ndi galasi lakolo! Ndidzafa osaigwira. Apongozi, mwamuna wanuyu simumukalipira?"

Ndinavundikiranso ufa uja ndi kansalu kake.

"Musawadzudzule, amayi," ndinatero. "Magalasi ake ndi osowa."